Tikatha Kuseka, Timafunsa Ndani?

Ine za ndale sindinaziphunzire, ndipo za mankhwala ndimangodziwa zimene adokotala andiuza. Changa n'kumvetsera. Ndimamvetsera m'minibasi, pabawo, pamzere wa kuchigayo, pasiwa, ngakhalenso pa WhatsApp pamene abale amatumizirana zithunzi zoseketsa mpaka pakati pa usiku. Kulikonseko nkhani zake ndi zomwezomwezo: andale, matenda, ndi nthabwala zonena za andale ndi matendawo. Anthu amaseka mpaka kugwira nthiti, inenso ndimaseka nawo, koma pobwerera kunyumba ndimatsala ndi mafunso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndiye lekani ndifunse, mwina pakati pa inu owerenga alipo amene angandimasulire.

Choyamba, n'chifukwa chiyani munthu wanthabwala timamukhulupirira msanga kusiyana ndi nduna?

Achikulire akukumbukira Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi. Awiriwa akayamba kukangana, anthu ankasiya nsima m'mbale kuti amve bwino, ndipo mawa lake mawu awo ankamveka pamsika ndi kumunda. Akukumbukiranso Manganya, amene dzina lake lenileni ndi Michael Usi, m'sewero la Tikuferanji limene linkathandizidwa ndi bungwe la ADRA. Zinali zaka zimene Edzi inkatha anthu, koma pamaliro wolengeza ankangoti malemu anadwala nthawi yaitali. Kuseri tinkati kaliwondewonde, ena ankati matenda a boma, dzina lenilenilo tinkaliopa. Mpaka mu 2004 ndi pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti m'bale wake anamwalira ndi Edzi, ndipo chaka chomwecho boma linayamba kugawa ma ARV aulere. Koma nthawi imeneyi m'masewero a pawailesi nkhani za chiwerewere, za kuyezetsa magazi ndi za kulowa kufa zinali zikukambidwa kale, ana ndi makolo atazungulira wailesi imodzi.

Uthengawo sunali wachilendo. Unalembedwa pazikwangwani m'misewu, nduna zinkaunena pamisonkhano. Nanga bwanji unkalowa m'khutu ukadzera kwa munthu wovala jekete yothina, wolankhula ngati woyandikana naye nyumba? Kodi n'chifukwa choti amalankhula Chichewa cha pamsika, osati cha m'ofesi? Kodi n'chifukwa choti amayamba wadziika yekha pamalo a wolakwayo asanaloze wina chala? Kapena n'chifukwa choti akamaliza kulankhula sapempha voti?

Ngati yankho ndi lomalizali, ndiye pabuka funso lina. Wanthabwalayo akadzapempha voti zimatha bwanji? Bon Kalindo, amene tonse timamudziwa kuti Winiko, anasankhidwa kukhala phungu wa kumwera kwa Mulanje mu 2014. Michael Usi analumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024, malemu Saulos Chilima atamwalira pangozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa. Sindikuti analakwa, chifukwa Mmalawi aliyense ali ndi ufulu wolowa ndale. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti, poponya voti anthu amakhala akuganiza za ndani, munthu weniweniyo kapena wa m'sewero uja? Ndipo iye akakhala pampando, ntchito ija yonena zimene ena akuopa kunena imatsala ndi ndani? Kodi munthu angathe kuseka boma limene iye mwini akulitumikira?

Funso lachiwiri. Timakonda kunena kuti nthabwala ndi zocheza chabe, zilibe kanthu. Ngati zilibedi kanthu, n'chifukwa chiyani anthu akhala akumangidwa nazo?

Mu 1968 dziko lino linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu, nyimbo ndi zisudzo, ndipo sewero lililonse linkayenera kudzera kaye ku Censorship Board lisanaonetsedwe. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kundende ya Mikuyu ku Zomba kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Munthu angati zimenezo zinali za chipani chimodzi, zinapita. Koma mu Disembala 2011, ulamuliro wa zipani zambiri utakhazikika kale, apolisi anagwira Thlupego Chisiza, mwana wa katswiri wa zisudzo malemu Du Chisiza Junior, chifukwa cha sewero lake lotchedwa Semo, limene linkadzudzula utsogoleri wa nthawiyo. Mu 2022 namwino wina anamangidwa chifukwa cha mawu amene analemba pagulu la WhatsApp onena za mtsogoleri wa dziko. Chakumapeto kwa chaka chomwecho aphungu anachotsa m'malamulo milandu ija yoti munthu walankhula zodanitsa anthu ndi boma, ndipo imeneyo inali nkhani yabwino. Komabe lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti lidakalipo, ndipo ambiri amazengereza asanalembe kanthu pa Facebook.

Apa m'pamene ndimasokonezeka kwambiri, chifukwa kumudzi sizinali choncho. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuvomereza mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, ali ndi zilombo zimene ntchito yake n'kuseka khalidwe la anthu. Simoni wa nkhope yofiira uja amaseka mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo anavina ngakhale m'masiku a atsamunda. Amayi pamtondo ankaimba nyimbo zodzudzula mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, mudzi wonse ukumva, wodzudzulidwayo akumvanso. Adzukulu pamaliro amachita nthabwala pakati pa misozi, ndipo palibe amene amawaletsa. Makolo athu ankadziwa kuti pali mawu ena amene sangatuluke mwa njira ina koma yokhayi. Nanga ngati nyakwawa inkapirira nyimbo ya pamtondo, n'chifukwa chiyani munthu amene tinachita kumusankha tokha, amene timamulipira ndi misonkho yathu, amalephera kupirira chithunzi chomujambula ndi mimba yaikulu? Ndipo n'chifukwa chiyani amene ankaseka nafe ali kotsutsa amakhala oyamba kukwiya akalowa m'boma?

Funso lachitatu ndi limene limandisowetsa tulo. Tikaseka nkhani, kodi timakhala tayiyamba kapena tayimaliza?

Mu Febuluwale 2011 nduna ya zachilungamo, George Chaponda, inanena pawailesi kuti lamulo latsopano lidzaletsa kuipitsa mpweya pagulu. Dziko lonse linagwa ndi phwete, nyuzipepala za kunja nazo zinalemba, ndipo mkulu wina wa zamalamulo m'boma momwemo anatsutsa, n'kunena kuti ndimeyo ikunena za kuwononga mpweya ndi utsi kapena zonyansa. Mpaka lero mukaikumbutsa nkhaniyi pabawo anthu aseka. Koma funsani kuti bilu imeneyo inali ya chiyani. Ndi ochepa amene angakuuzeni kuti inali yokhazikitsa makhoti ang'onoang'ono a m'madera, nkhani yokhudza amene adzaweruze milandu ya anthu wamba kumudzi. Chaka chomwecho mafuta a galimoto anasowa, ndipo pazionetsero za pa 20 Julaye anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Kodi nthabwala ija inatithandiza kuona, kapena inatiphimba m'maso?

Mu 2013 kunabwera Cashgate, ndalama za boma mabiliyoni zitapezeka kuti zinkatuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sanaperekedwe. Dzinalo linalowa m'macheza, mwana akabisa chenji cha mchere amamutcha wa Cashgate. Mu 2021 kunabwera nkhani ya K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi Covid-19, imene kafukufuku anapeza kuti mbali ina inathera m'maalawansi ndi m'zogula zosalongosoka, mpaka nduna ina inachotsedwa ntchito mu Epulo chaka chomwecho. Nayonso tinaipangira zithunzi, tinatumizirana, tinaseka. Koma ndani wa ife amene angaime lero n'kunena kuti pa ndalama zimenezo zabwezedwa zingati, ndipo milandu yake ili pati?

Tsiku lina ndinali pamzere pachipatala china chaching'ono cha boma. Tinafika kusanache, aliyense kabuku kake m'manja. Patsogolo panga panali mayi wina atabereka mwana wotentha thupi. Atatuluka kwa adokotala anapita pawindo lolandirira mankhwala, ndipo anamuuza kuti amene amulemberawo kulibe, akagule ku famase. Bambo wina wachikulire amene anakhala pabenchi anati, “Musadandaule mayi, kuno mutu panado, mwendo panado, ngakhale banja likavuta panado yemweyo.” Benchi lonse linaseka, mayi uja nayenso anaseka. Kenako anamasula mfundo ya pachitenje, n'kuwerenga ndalama zake, n'kumanganso, n'kuuyamba wobwerera kwawo wopanda mankhwala.

Bambo aja sananame, ndipo kusekako kunatipepuza mtima tonse. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe, ine ndemwe, amene anafunsa kuti mankhwalawo anatha liti, anaitanitsidwa liti, ndipo amene amayang'anira ndi ndani. Atsogoleri a mayiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja mu 2001 kuti pa K100 iliyonse ya bajeti, K15 izipita ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri dziko lathu silifikapo. Bwanji nkhani imeneyi simveka pabenchi, pomwe ya panado aliyense amaidziwa? Kodi wakuba mankhwala amaopa anthu amene akuseka, kapena amakondwa kuti aseka ndipo abalalika?

Funso lachinayi. Kodi nthabwala ndi mphekesera timazisiyanitsa bwanji? Ine ndimaona ngati zimakwera minibasi imodzi, zimatsikira pasiteji imodzi, ndipo wozilandira sadziwa kuti uyu ndani, uyu ndani.

M'masiku amene katemera wa Covid-19 anangofika, mnyamata wina m'minibasi anatsegula uthenga wa mawu pafoni yake. Munthu wosadziwika, wa mawu odekha, ankanena kuti aliyense wobayitsa katemerayo satha zaka ziwiri. Kondakitala anati, “Ndiye amene mwabayitsa lipiranitu, musapite ndi ngongole yanga.” Galimoto yonse inaseka. Koma agogo ena amene anakhala pafupi nane sanaseke. Anandikodola n'kufunsa chapansipansi, “Mwanangu, zoona zimenezi?” Kondakitala uja ankangocheza, mwina iye anali atabayitsa kale. Koma agogowo anatsika ndi mantha enieni, ndipo kunyumba kwawo kuli ana ndi zidzukulu amene amamvera mawu awo.

Katemera woyamba anafika mu Malichi 2021, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa pamaso pa anthu ku Zomba. Mu Meyi chaka chomwecho boma linawotcha katemera wokwana 19,610 amene masiku ake anali atatha. N'zoona kuti katemerayo anafika atatsala ndi milungu yochepa, koma n'zoonanso kuti anthu ambiri ankaopa kupita. Mantha amenewo anachokera kuti? Kodi ife amene tinkatumiza mauthenga aja n'kulemba pansi pake kuti “tangomvani izi” tilibe gawo?

Izi sizinayambe ndi mafoni. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira kufupi ndi Liwonde, m'boma la Machinga, kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mankhwala ochiza Edzi. Anapita ophunzira ndi osaphunzira omwe, chifukwa nthawi imeneyo kuchipatala kunalibe chowapatsa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiri. M'tauni tinkachita nazo nthabwala, kumatchulana anamapopa pocheza. Koma kumeneko munthu wonyamula chikwama ndi zida zoyezera magazi ankaopa kulowa m'mudzi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nanga lero, pamene kandimverereyo ali m'thumba la aliyense, tidzatani kuti timugwire bodza?

Pomwepa pali china chimene sindimvetsa: matenda amalowa bwanji chipani? Odwala Covid-19 oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020, dziko likukonzekera chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni. Boma litalamula m'bindikiro wa masiku 21, khoti linaimitsa, ndipo funso la anthu linali lomveka: wogulitsa tomato adzadya chiyani akakhala pakhomo milungu itatu? Koma kuchokera apo kukhulupirira kapena kusakhulupirira za matendawo kunayamba kutsatira mtundu wa nsalu imene munthu wavala. Ena ankati ndi matenda a anthu okwera ndege, ena ankati ndi njira yozembera chisankho, ndipo misonkhano ya mbali zonse inkadzaza. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi matendawo tsiku limodzi. Pamenepo m'pamene nthabwala zambiri zinazizira. Kodi tiziyembekeza maliro a munthu wotchuka kuti tivomereze zimene anamwino ankatiuza kale?

Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Gwero lake tonse timalidziwa: madzi osatetezeka ndi kusowa kwa zimbudzi. Amene anamwalira ambiri anali anthu a m'midzi, a m'madoko a nsomba ndi a m'makomboni. Bwanji nkhani ya mjigo wowonongeka sitikoka mtima ngati ya nduna imene yalakwitsa Chingerezi pamsonkhano?

Funso lachisanu. Kodi timaseka ndani, wamphamvu kapena wofooka?

Mu 2011 mayi wa fuko wa nthawiyo ananyoza Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, kuti ndi mayi wogulitsa mandasi. Mu Epulo 2012 mayi Banda anakhala pulezidenti, choncho chipongwecho sichinawatsekere njira. Koma amayi enieni ogulitsa mandasi, amene amadzuka tambala woyamba kuti ana apite kusukulu, anamva chiyani ntchito yawo itasanduka chitonzo? Nthabwala zambiri zimene timati n'zandale ndikazimvetsetsa sizikhudza n'komwe zimene wandaleyo wachita. Zimanena za mtundu wake, kalankhulidwe ka kwawo, ukalamba wake, thupi lake kapena matenda amene akumuganizira. Tikamaseka mtsogoleri chifukwa akuoneka wodwala, wodwala amene wakhala nafe pomwepo amaphunzirapo chiyani? Saphunzira kodi kuti matenda ake awabise?

Njira ina ilipo, ndipo tinaionapo. Mu 2016, anthu achialubino akuphedwa ndi kufukulidwa m'manda chifukwa cha zikhulupiriro zabodza za chuma, Winiko yemwe uja anatsogolera zionetsero ku Lilongwe zofuna kuti akuphawo alandire chilango chokhwima. Kaya munthu anagwirizana ndi njira yake kapena ayi, anagwiritsa ntchito kutchuka kwake poteteza anthu amene ena ankawatonza. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Amene timamuyesa wongocheza nthawi zina ndi amene amayamba kuona choopsa. Nanga bwanji anthabwala ena amasankhabe wolumala, wachibwibwi ndi wakumudzi, m'malo mwa amene wasaina cheke?

Ndimaganizanso za ojambula zithunzi za m'nyuzipepala, monga za Amtchona ndi Puludzu. Chithunzi chimodzi chimatha kunena zimene mkonzi walemba tsamba lonse, ndipo ngakhale wosadziwa kuwerenga amachimva. Koma nyuzipepala imafika kwa angati, poti mtengo wake munthu akhoza kugulira ndiwo za tsiku? Luso limeneli bwanji silifika pakhoma la chipatala, kusikelo ya ana ndi pamjigo, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena? Ngati bodza la katemera linafika kwa agogo aja kudzera m'nthabwala, n'chiyani chikuletsa choonadi kudzera njira yomweyo? Alangizi a zaumoyo amene amayenda panjinga m'midzi angapepukidwe bwanji atakhala ndi sewero labwino lowatsogolera?

Sindikupempha kuti tileke kuseka. Anthu amene adutsa m'njala, m'namondwe Freddy wa mu 2023, m'kukwera mitengo kwa zinthu ndi m'mizere ya mafuta sangakhale moyo popanda kuseka, ndipo boma lililonse limene limamanga munthu chifukwa cha nthabwala limalakwa. Chimene ndaona n'chakuti kuseka kumatisonyeza pamene pali vuto, koma sikubweretsa mankhwala pawindo paja. Amabweretsa ndi munthu amene wafunsa, n'kubweranso mawa kudzafunsa kachiwiri.

Ndipo pofunsira palipo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linavomerezedwa ndi aphungu mu 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Zipatala zazing'ono zili ndi makomiti a anthu a m'deralo amene ntchito yawo ina n'kuonerera mankhwala akamafika. Kuli makomiti a chitukuko a m'midzi, kuli khansala, kuli phungu, kuli mapulogalamu a pawailesi oimba foni. Ndi angati a ife amene tinapitako ndi funso limodzi lomveka bwino?

Inu a zisudzo ndi ojambula, pitirizani kutiseketsa, koma lozani amene ali ndi mphamvu, ndipo m'nthabwala iliyonse muzisiyamo mfundo imodzi yoona imene munthu angapite nayo kunyumba. Inu a zaumoyo, funso la agogo likamveka lachibwana musaliseke, liyankheni m'chilankhulo chawo. Inu atsogoleri, wokusekani si mdani wanu, akukuuzani zimene okuombera m'manja akukubisirani. Ndipo inu owerenga anzanga, uthenga wa matenda umene simukudziwa mwini wake musautumize kwa wina, ngakhale ukhale woseketsa chotani. Mukadzasekanso za chipatala cha kwanuko, funsani tsiku limene komiti yake imakumana, ndipo mupiteko.